Amadya Chiwindi Ndani Kwanu?

Awerengi, vulani zipewa. Amene muli m'basi imirirani, ngati simunaime kale. Sabata ino ine mlembi wanu ndapulumutsa moyo wa munthu. Ndatulukira nthenda imene yazunza banja lathu kwa mibadwo itatu, ndipo ndikuyembekeza kuti akamaliza kupala misewu ya ku City Centre, umodzi mwa iyo, ngakhale waufupi wopita kudzala, adzautcha dzina langa.

Chabwino, khalani pansi.

Zoona zake n'zakuti ine ndinangonyamula dengu. Amene anatulukira nthendayo ndi mayi wina wogulitsa tomato mumsika wa ku Old Town, woti ndi dzina lomwe sindimudziwa. Anaitulukira ndi chala chimodzi, chachikulu, pamene ine, munthu woti ndinakhalako ku koleji chaka ndi theka, ndinali kukupiza mchemwali wanga ndi nyuzipepala. Inde, ino yomwe mwagwirayi. Akonzi adziwe kuti pepala lawo lili ndi ntchito.

Za kolejizo musandifunse. Tinasiyana mwamtendere: iwo anati ndichoke, ine ndinavomera.

Chichokereni kumeneko ndimakhala kwa achemwali anga a Esinati ndi amuna awo, alamu anga, kalaliki wamkulu m'boma, munthu woti ngakhale Lamulungu masana tayi savula. Likulu litanyamuka ku Zomba nafenso tinanyamuka. Alamu anakhala kutsogolo kwa lole pambali pa dalaivala, achemwali ndi ana pamwamba pa matilesi, ine pakati pa kabati ndi mtondo, ngati katundu amene mwini wake sanatsimikize ngati akumufunadi. Tinatsikira ku Area 15, nyumba ya boma, mpope m'kati, magetsi, kapinga kutsogolo. Ine ndimagona kuseri, m'kanyumba kamene anamangira wantchito.

Chikomekome cha nkhuyu. Za nyerere mumva pompano.

Lachiwiri achemwali anati ndiwaperekeze kumsika ndikawanyamulire dengu. Ndinanyinyirika, monga amachitira munthu aliyense wopanda chochita akapatsidwa chochita. Titatsika basi, tisanawoloke ndi mlatho womwe, iwo anagwira chitsulo cha m'mbali.

"Boni, taima kaye ndipumeko."

"Mwatopa ndi chiyani, achemwali? Tangotsika basi. Kapena munkaikankha ndinu?"

Ankapuma ngati akwera phiri la Zomba atasenza mtolo wa nkhuni. Ine ndinaseka. Lembani pamenepo: ndinaseka.

Tinafika pa tomato. Anawerama kuti asankhe, anaweramuka, anayang'ana kumwamba ngati wina wawaitana, kenako khu! pansi. Msika wonse unasanduka madokotala. Wina ati thirani madzi, wina ati ndi mimba imeneyo, wina ati alodzedwa, ku ma Area kumeneko anthu amachitirana nsanje ndi makatani omwe. Ine ndinapinda nyuzipepala n'kuyamba kukupiza mwaukadaulo.

"Tapatukani apo achimwene," anatero mayi wa tomatoyo, akundikankha ndi chigongono. "Nyuzi inadzutsapo ndani?"

Anagwada, anaika mutu wa achemwali pa mwendo wake, anakokera pansi chikope chawo cham'munsi.

"Mayo ine! Mulibe magazi umu. Taonani, mbee, ngati ufa woyera. Awa ndi akazi anu?"

"Ayi, ndi achemwali anga."

"Bere limodzi?"

"Limodzi."

"Ndiye inu ndinu eni mbumba?"

"Kunena mwa mwambo, inde."

Anandiyang'ana kuyambira kumasaya mpaka pamimba.

"Koma inu magazi muli nawo ndithu, mpaka ena n'kutapako. Mumadyera nyumba ina?"

Msika unaseka. Ine ndinapitiriza kukupiza, koma tsopano ndinkadzikupiza ndekha.

Atatsitsimuka tinawakweza pa njinga ya munthu wina wachifundo mpaka kuchipatala. Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa linapendeka. Amene anationa anali bambo wamtali wa kumpoto, wa koti yoyera, wolankhula Chichewa chowongoka ngati cha pa wailesi. Anawabaya chala, anadonthezera magaziwo pa kapepala, n'kuyerekeza ndi khadi lokhala ndi mitundu ya kufiira, kuyambira kufiira kwa nyama yaiwisi mpaka kwa madzi otsukira nyamayo. Chala chake chinatsika, chinatsika, chinakaima pansi penipeni.

"Amayi, mutu umakupwetekani?"

"Masiku onse."

"Mtima umathamanga?"

"Ndikangoyenda pang'ono."

"Dothi mumadya?"

Achemwali anayang'ana pansi.

Awerengi, kuseri kwa nyumba yathu kuli chulu. Chulu chimenecho chakhala chikuphwa mwezi ndi mwezi, ndipo ine ndakhala ndikuyamikira alamu kuti mankhwala awo a chiswe ndi amphamvu.

Pamenepo dokotalayo ananditumiza panja, chifukwa mafunso otsatirawo anali a zakumwezi ndi za uchembere, osayenera kuti mlongo awamve. Atandiitananso anandilankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa kuti ndinapitako ku koleji koma sanakhulupirire.

"Thupi lili ndi nkhokwe," anatero. "M'nkhokwemo limasungamo ayironi, amene limapangira magazi. Mayi akabereka, limatapamo. Mwezi uliwonse limatapamo. Malungo amatapamo, njoka za m'mimba zimatapamo. Ngati palibe chobwezeramo, nkhokwe imatha mwakachetechete, munthu akuyendabe, akuphikabe, akungoti ndatopa. Tsiku limene wagwa mumsika, nkhokweyo inatha kalekale. Amayi, mwana wamkazi muli naye?"

"Alipo, Tamandani. Anatha msinkhu chaka chatha."

"Kusukulu akuchita bwanji?"

"Aphunzitsi analemba kuti amasinza m'kalasi. Ati ndi waulesi."

"Mubwere naye."

Anawapatsa timapiritsi m'kaenvelopu. "Mumwe miyezi, osati masiku. Mukayamba kumva bwino musasiye, nkhokwe sidzaza ndi dengu limodzi. Chimbudzi chikada musaope, ndi mapiritsiwo. Tiyi musamwere pa chakudya. Idyani bonongwe, nyemba, usipa, malalanje. Ndipo ngati mungathe, chiwindi, kamodzi pa sabata."

Atatchula chiwindi ndinatsokomola.

Chifukwa kwathu chiwindi chimagulidwa ndithu. Loweruka lililonse alamu akaweruka masana amadzera kubutchala, n'kubwera ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala, ntchito yachiwiri ya pepala lino. Achemwali amachikazinga ndi anyezi, fungo limafika mpaka kwa aneba. Kenako chimabwera patebulo m'mbale yovindikira, ndipo patebulopo timakhalapo anthu awiri: alamu, chifukwa ndi mutu wa banja, ndi ine, chifukwa ndine mwamuna, ndiponso pa nthawi ina anthu ankakhulupirira kuti ndili ndi ubongo wofunika kuudyetsa. Achemwali ndi ana amadyera kukhitchini. Amadya chiyani? Mpaka Lachiwiri ndinali ndisanafunsepo.

Tsopano ndifunse inu. Kwanu chiwindi amadya ndani? Nkhuku ikaphedwa, nthutumba imagwera m'mbale ya yani? Nanga mwendo? Ndipo amene anaithamangitsa, anaisosola, anaiphika maso akuyabwa ndi utsi, iye amagwira chiyani? Khosi ndi zipalapasiro. Ndi msuzi, ngati bambo sanapemphe wowonjezera.

Tiyeni tione bwino. Munthu amene amataya magazi mwezi ndi mwezi, amene wabereka kanayi, amene wayamwitsa ana onsewo, timamupatsa msuzi. Munthu amene ntchito yake yolemetsa ndi kuchotsa fayilo kumanzere kwa tebulo n'kuiika kumanja, timamupatsa chiwindi. Magazi okhawo amene alamu ataya chifikireni ku Lilongwe ndi a pa lezala pometa ndevu. Ine ndiye sindinatayeko ndi dontho lomwe. Ndevu ndilibe.

Izi timazitcha ulemu.

Ndipo magazi amene timasungawo timasungira yani? Pa benchi ya kuchipatala paja ndinaona mayi wina atamugoneka pa machira, anamwino akufunsa achibale oti apereke magazi. Panali amuna atatu a majekete, onse a makosi opindika kawiri. Anayang'anizana. Woyamba anakumbukira kuti wasiya ofesi yosakiya. Wachiwiri anati iye akaona jekeseni amakomoka. Wachitatu, amene ndikuganiza kuti anali mwini mkaziyo, anathamanga kugolosale kukagula sikwashi wofiira, kuti amwe, magazi abwerere. Kwathu kuno chilichonse chofiira ndi magazi. Tikadakhala ndi mano olimba bwenzi tikutafuna njerwa.

Mayi akafooka, sitisowa dzina lomutcha. Timati waulesi.

Kumudzi kwathu amayi anga ankadziwika ndi dzina loti a Chizungulire. Ankalima mizere iwiri n'kukhala pansi pa mtengo, manja atagwira mutu. Anthu ankati akazi a mtundu wathu ndi olobodoka, ukakwatira kumeneko wagula khasu lopanda mpini. Ife ana tinkaseka nawo. Ndikukumbukira amayi akuthyola timibulu ta dothi pa khoma la nyumba n'kumatafuna mobisa, atate akukalipa kuti mkazi wamkulu akugwetsa nyumba ndi mano. Atate omwewo ndiwo ankalandira chiwindi cha mbuzi iliyonse yophedwa pakhomo pathu. Amayi anamwalira pobereka mwana wachisanu ndi chiwiri. Azamba anadabwa, ati magazi amene anataya sanali ambiri kwenikweni.

Sanali ambiri, inde. Anali okhawo amene anali nawo.

Ulesi wa amayi unapita kwa a Esinati. Wa a Esinati wapita kwa Tamandani. Nthenda ya kumtundu, eti? Ayi. Chimene timasiyirana si magazi oipa. Timasiyirana kagawidwe ka ndiwo.

Alamu nawo anali atagamula kale mlandu. Kwa miyezi tsopano akhala akunena kuti, "Amayi a Tamandani Lilongwe yawakana." Umboni ali nawo: malaya amasitidwa mochedwa, pansi sipawala ngati pa nyumba ya abwana awo ku Area 10, ndipo tsiku lina anabwera ndi anzawo a ku ofesi n'kupeza mkazi wawo atagona pa mkeka masanasana. Choncho anakonza zoti mwezi ukatha achemwali apite kumudzi akapumeko.

Nonse mukukudziwa kupuma kumeneku. Chisamukireni likulu, ndi amayi angati apita kukapuma? Abwerako ndi angati? Mukadutsa m'ma Area muno muona makatani omwe aja, koma dzanja lowatsegula ndi lina.

Likulu limeneli ndilibe nalo mlandu. Ndi lokongola, likadzatha. Mafayilo anasamutsidwa mwaulemu, omangidwa ndi zingwe, olembedwa manambala, ofunditsidwa lona kuopa mvula. Koma dimba la achemwali silinakwere lole. Ku Zomba kuseri kwa nyumba kunali nkhwani, khwanya, bonongwe wongodzimerera, ndi mtengo wa malalanje wa aneba umene nthambi zake zinali nzika za mbali yathu. Kuno msika uli ku Old Town, ulendo wa basi, ndipo basiyo imabwera ikafuna. Pakhomo pali kapinga. Alamu akufuna kapinga woti abwana akamadutsa pa galimoto aziganiza kuti munthu uyu akuchedwa ku Area 15.

Choncho analemba ntchito a Yosefe, bambo wachikulire wa mudzi wina kuseri kwa ma Area kuno, mkulu wa mpingo kwawo, kuti azizula chilichonse chosakhala kapinga. Bonongwe amamera mumpanda monse, makamaka m'mbali mwa mpope, wonenepa, wa masamba ngati zikhatho. A Yosefe amazula, amaika m'thumba, madzulo amapita naye kwawo. Ana awo ndawaona. Amathamanga kuposa basi.

Ife tatsala ndi tiyi. Tiyi wa m'mawa, tiyi wa teni koloko, tiyi wa folo koloko, tiyi pa chakudya chifukwa akuluakulu a ku ofesi amatero. Mayi wa ku Area akaoneka akuthyola masamba ongomera okha, aneba amanong'onezana kuti bambo wake salandira bwino. Koma akakhala pa sofa n'kumamwa tiyi wopanda mkaka ndi buledi wouma, ameneyo ndiye watukuka. Tatukuka mpaka kuyera m'maso.

Lachinayi ndinaganiza zochita ngati mwini mbumba weniweni. Ndinatenga malipiro a ndemanga ya sabata yatha, amene akonzi amapereka ngati akuzulidwa dzino, ndinakwera basi, ndinagula theka la paundi ya chiwindi. Ndinafika nacho kukhitchini nditachigwira ndi manja awiri.

"Achemwali, ichi n'chanu. Inu ndi Tamandani. Munamva zimene ananena adokotala."

"Ndinamva, Boni. Zikomo. Mulungu akudalitse."

Ndinabwerera kukanyumba kanga ndikuyenda ngati munthu amene wamanga mlatho.

Madzulo tinakhala patebulo, ine ndi alamu. Achemwali anabwera ndi madzi osamba m'manja, anagwada, podzuka anachita kugwira mpando. Kenako anabweretsa mbale yovindikira. Alamu anavundukula.

"Aa! Kodi lero ndi Loweruka?"

"Agula ndi alamu anuwo," anatero achemwali ali pakhomo.

"Ee! A Pulofesa ayamba kulipira lendi! Tiyeni, tiyeni, zingazizire."

Ndiulule, popeza ndemanga ino sinama kawirikawiri. Ndisanazindikire chimene chikuchitika, dzanja langa linali litapita kale m'mbalemo n'kubwerako. Nthuli imodzi ndinameza. Inali yokoma. Yachiwiri ndinaibweza.

Ndinatulutsa m'thumba pepala la kuchipatala, limene alamu anali atakana kuliona kuyambira Lachiwiri ponena kuti kukomoka kuja linali dzuwa chabe. Ndinaliika pambali pa mbale yawo. Alamu anga munthu sangamukhulupirire, koma pepala la chidindo amaliopa. Anapukuta zala, anavala magalasi, anawerenga kawiri.

"Apa alemba mapiritsi," anatero. "Za chiwindi sanalembe."

"Ananena pakamwa."

"Za pakamwa si za boma."

"Alamu, akazi anu anagwa mumsika ngati thumba la chimanga. Si ulesi. Alibe magazi. Magazi awo tikudya ndife pano."

"Ife? Ine ndimadya thukuta langa, a Pulofesa. Inu mumadya la yani?"

Funso labwino. Mafunso otere ndi amene anandichotsa ku koleji.

"Pakhomo pano mutu ndani?" anapitiriza.

"Mutu ndinu. Koma munthuyo ndi wa kwathu. Akadzafa mudzabwera kwa ine, chipewa m'manja, kuti ndikanene kumudzi. Ndikanene chiyani? Kuti wafa ndi ulesi?"

"Tamverani mwini mbumba! Mwini mbumba wogona m'nyumba ya wantchito wanga! Mwezi ukatha apita kukapuma monga ndinanenera. Inu mukhoza kuwaperekeza, ndipo tikiti yobwerera musavutike nayo."

Anamaliza chiwindi chonse, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso. Mbaleyo anaipukuta mpaka inawala.

Ndinapita kukhitchini. Achemwali ndi ana anayi anali pa mkeka, pakati pawo pali mbale ya kabichi.

"Chifukwa chiyani, achemwali?"

"Usakuwe, akumva."

"Ndinati n'chanu!"

"Ndiye ndidye chiwindi ine, abambo a Tamandani akudya kabichi? M'nyumba mwawo? Amve fungo, afunse, ndiyankhe kuti chiyani? Iwe sunakwatire, Boni. Ndanyambitako msuzi pophika, wandikwana."

Apa ndi pamene mkwiyo wanga unasowa pogwira. Alamu ndikhoza kuwanyoza m'nyuzipepala, tsamba lino sawerenga. Koma ndikalipire yani pamene wodwalayo ndiye akulondera mbale ya munthu wabwinobwino? Anamulangiza ali namwali kuti chokoma n'cha bambo. Anamulangiza ndi amayi athu omwe aja, a Chizungulire, atakhala pansi chifukwa kuimirira sakadatha.

Lachisanu ndinabwereranso kubutchala. Wogulitsa anandifunsa ngati ndatsegula lesitilanti. Ulendo uno chiwindi sichinalowe m'nyumba. Ndinapita nacho kuseri kwa kanyumba kanga, kumene a Yosefe amasonkha moto wawo wa masana, ndinabwereka chiwaya chawo. Ndinali ndisanaphikepo chibadwire. A Yosefe anandiyang'ana ndikuchitembenuza ndi kamtengo, anapukusa mutu, anandilanda chiwayacho, anatapa bonongwe m'thumba lawo n'kuponyamo.

Ndinaitana achemwali ndi Tamandani, amene anali atangofika kuchokera kusukulu. Achemwali ataona chiwayacho anabwerera m'mbuyo.

"Boni, ukufuna kundithetsera banja? Tiwasungireko pang'ono."

"Osasunga."

"Kanthuli kamodzi kokha."

"Ndakana."

"Ndiye idyani ndinu, ine ndamwa kale mapiritsi."

A Yosefe ndiwo anatilanditsa. Anavula chipewa.

"Pepani amayi, ndilankhuleko ngakhale ndine wa kapinga. Mapiritsi mwatchulawo, abwana mumawagawirako?"

"Ayi."

"Bwanji? Si mutu wa banja?"

"Ndi mankhwala, a Yosefe."

"Ichinso ndi mankhwala. Anatchula ndi adokotala omwewo. Mankhwala alibe ulemu, amayi. Amamwa ndi wodwala."

Achemwali anakhala pa njerwa, anatembenukira kukhoma, anayamba kudya, msangamsanga, khutu lili kumsewu. Mayi wa ana anayi, pakhomo pamene amasesa yekha m'mawa uliwonse, kudya ngati wakuba. Tamandani sanadikire kuti wina amulalikire. Anapukuta chiwaya ndi zala, n'kufunsa kuti, "Amalume, mankhwala amenewa timwa kangati pa tsiku?"

Ine ndinaima pakona kulondera. Ndi ntchito yoyamba imene ndaigwira bwino m'moyo wanga.

Dzulo, Loweruka, alamu anabwera ndi kaphukusi kawo monga mwa masiku onse. Sanandilankhule. Anaitana Tamandani pakhonde, ine ndikusuzumira pa zenera. Anamuuza kuti ayang'ane kumwamba, n'kukokera pansi chikope chake, mwamantha, ngati munthu amene wachita kufunsira ku ofesi m'mene amachitira. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamusiya.

Patebulo anavundukula mbale, anaivindikiranso, anaikankha.

"Amayi a Tamandani! Chotsani ichi. Ndamva kuti chiwindi si chabwino kwa amuna a msinkhu wanga, chimathamangitsa magazi. Musataye, ndi ndalama. Mudye kukhitchiniko."

Mwamva? Kunena kuti "idya mkazi wanga, ukudwala, ndinakulakwira" sangathe, denga lingagwe. Mpaka apeke nthenda yawoyawo kuti mkazi wawo adye. Za ulendo wa kumudzi ati aziona kaye, zimene m'chilankhulo cha m'maofesi zikhoza kutanthauza mawa, kapena mpaka lipenga lomaliza. Ine andichotsa patebulo. Tsopano ndimadyera kukhitchini, ndipo kabichi ndamudziwa bwino.

Musaombe m'manja. Achemwali sanachire. M'mawa uno popita kutchalitchi tinaima katatu kuti apume, ndipo miyezi ya mapiritsi ikadali kutsogolo. Tamandani tipita naye kuchipatala mawa. Ndipo masana ano, nditavundukula kamphika ka pakona kufuna mchere, ndapeza nthuli ziwiri, zazikulu kuposa zonse, atazibisa bwinobwino. Akusungira abambo a Tamandani, mwina asintha maganizo.

Ndiye madzulo ano mbale ikabwera, musanasambe m'manja, dzukani mupite kukhitchini. Simufa, ine ndapitako. Mukaone zimene akudya amene wakuphikiraniyo. Ndipo amene mumamutcha waulesi m'nyumba mwanumo, kaya ndi mkazi wanu, kaya mlongo wanu, kaya mwana, kaya wantchito, munamuyezetsapo magazi liti? Kapena mukudikira kuti agwe kaye pagulu, muchite manyazi?

Ine zonsezi zandidyera 50 tambala, kupatula basi. Theka lake lili m'mimba mwa alamu, kuchotsapo nthuli imodzi.